Kobiri lopindika si chuma: a ku Nkholongue achenjere ndi mphekesera ya ndalama zakale

Wolemba: Mtolankhani wathu m'boma la Lago

NKHOLONGUE – Mwera ukaomba masiku atatu osaleka, asodzi a kuno salowa m'nyanja. Amakhala pansi pa mitengo ya mango kusoka maukonde ndi kucheza, ndipo masiku ano nkhani imene yatenga malo pa macheza otere si ya usipa, koma ya ndalama zakale. Mphekesera yafika kudzera m'matelefoni a m'manja ndi pakamwa pa anyamata ochokera ku Lichinga ndi ku Joni, yoti kobiri lililonse lopindika, lobooka kapena lofufutika zilembo ndi "lolakwika ku fakitale", ndipo kunja kuli anthu oligula pa mtengo wokwanira injini ya boti.

Nkhaniyi idandipeza pa khomo la azakhali anga. Iwo adatulutsa kachitini kadzimbiri kamene malemu amuna awo adakwirira, n'kukhuthulira pa mphasa makobiri okwana 43. Mdzukulu wawo adali atasankha kale asanu ndi awiri amene iye amati ndi olakwika, ndipo amafuna kuti mbuzi imodzi igulitsidwe apeze ndalama yokwerera galimoto ya ku Lichinga, ulendo wa makilomita oposa 100 kuchokera pa Metangula.

"Mwanangu, iwe udapita kusukulu," adatero azakhali. "Tayang'ana bwino mbuzi yanga isanapite."

Zimene tidachita tsiku limenelo ndi zimene ndafuna kugawana nanu, owerenga athu a m'mbali mwa nyanja, chifukwa makachitini otere alipo m'nyumba zambiri kuyambira ku Meluluca mpaka ku Cóbuè.

N'chifukwa chiyani kuno kuli makobiri a mitundumitundu?

Nkholongue, mudzi wa mfumu Chingomanje kumwera kwa Metangula, udali doko la zombo zowoloka kupita ku Nkhotakota kuyambira m'zaka za m'ma 1800, nthawi ya malonda a minyanga ndi akapolo. Kampani ya Companhia do Nyassa idalamulira dera lino mpaka 1929, ndipo msonkho ndiwo udakakamiza amuna ambiri kuwoloka nyanja kukafuna ntchito ku Nyasaland, ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku South Africa. Pobwerera ankabwera ndi mapeni, matiki, masheleni ndi mahafukoloni. Atsamunda achipwitikizi adayamba kupangira Mozambique makobiri akeake a esikudo mu 1935 ndi 1936, ku nyumba yosulira ndalama ya Casa da Moeda ku Lisboa.

Kenaka ndalama idasintha kangapo munthu mmodzi ali moyo. Malawi idasiya paundi n'kuyamba kwacha ndi tambala mu 1971. Kuno metikali idalowa m'malo mwa esikudo pa 16 June 1980. Pa 1 July 2006 padabwera metikali yatsopano, imodzi kulowa m'malo mwa 1,000 zakale, ndipo zakalezo banki idaleka kuzisintha kumapeto kwa 2012. Pakati pa zonsezi padadutsa nkhondo ziwiri, ya ufulu kuyambira 1964 ndi ina ija idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 October 1992. Anthu pothawa ankakwirira zimene sakadatha kunyamula, ndipo ena pobwerera adapeza nyumba zitapsa, ndalama zawonso zitatha ntchito.

Choncho makobiri athu ambiri adagona m'dothi, adapsa ndi moto kapena adakhalitsa mumchenga wonyowa. Ichi ndiye chiyambi cha chisokonezo chonse.

Mmene kobiri limabadwira

Kuti munthu asiyanitse cholakwika cha ku fakitale ndi chilema chobwera pambuyo, ayenera kudziwa kapangidwe kake. Chitsulo chimaphwanthidwa kukhala chimpukutu chachitali chopyapyala. Makina amadula timagawo tozungulira, monga mmene mayi amadulira mandazi ndi kapu pa ufa wokanda. Makina ena amakweza mkombero wa m'mphepete. Pomaliza kagawo kosalemba kanthu kaja kamagonekedwa pakati pa zidindo ziwiri zachitsulo cholimba, cha kumaso ndi cha kumbuyo, mkati mwa mphete yokagwira m'mbali, ndipo zidindozo zimamenya kamodzi ndi mphamvu yoopsa. Chithunzi, zilembo, chaka ndi timizere ta m'mphepete zonse zimatuluka pa kumenya kumodziko.

Amene adaumbapo njerwa amvetsa msanga. Chikombole chikang'aluka, njerwa iliyonse yotuluka mmenemo imakhala ndi mzere wotumphuka pa malo amodzimodzi. Icho ndi cholakwika cha poumba. Koma njerwa imene yagumuka potsitsa m'ngolo, vuto lake si la chikombole. Osunga ndalama zakale amalipira cholakwika cha poumba chokha. Chilema cha panjira chimatsitsa mtengo, sichiukweza.

Zolakwika zenizeni zili m'magulu atatu

Gulu loyamba ndi la kagawo ka chitsulo. Nthawi zina makina odula amaluma pafupi kwambiri ndi pamene adula kale, ndipo kagawo kamatuluka kopereweza mbali imodzi ngati mwezi wolumidwa. Kobiri lotere likakhala lenileni, mkombero wake umazilala pang'onopang'ono poyandikira polumidwapo, zilembo za pafupi zimafooka, ndipo kawirikawiri mkombero wa mbali yopenyana nayo umakhalanso wofooka. Kobiri lodulidwa ndi tupa kapena chizulo silionetsa zimenezi: zilembo zimangothera padulidwepo mwadzidzidzi, ndipo m'mphepete mumaoneka mikwingwirima ya chida.

Gulu lachiwiri ndi la chidindo. Chidindo chikang'aluka, chitsulo cha kobiri chimalowa mumng'alumo, ndipo pa kobiri pamatuluka mzere wotumphuka, wokhotakhota ngati mtsempha. Lamulo losavuta ndi ili: mng'alu wa chidindo umatumphuka, kukandika kumalowa m'kati. Yendetsani chikhadabo mofatsa. Chikagwera m'ngalande, ameneyo ndi msomali, mpeni kapena mwala. Palinso chidindo chimene chidalembeka kawiri pochipanga, kotero kuti zilembo zimaoneka ziwiriziwiri, zonse zonenepa ndi zotalika mofanana. Chitsanzo chotchuka ndi senti ya ku America ya 1955. Koma chenjerani: makina akagwedera pomenya amasiya kamthunzi kophwatalala pambali pa chilembo, ndipo kameneko ogula sakawerengera.

M'gulu lomweli muli kusakaniza zidindo zosayenera kukumana. Mu 2008 dziko la Britain lidasintha maonekedwe a makobiri ake, chaka n'kuchichotsa kumbuyo kuchiika kumaso. Pa makobiri ena a mapeni 20, osula adaphatikiza chidindo chakale cha kumaso ndi chatsopano cha kumbuyo, ndipo adatuluka opanda chaka mbali zonse ziwiri. Taonani kusiyana kwake: pa makobiri amenewo malo a chaka palibiretu, pamene pa kobiri lotha ndi manja chaka chidalipo, ndipo mukapendeka padzuwa mthunzi wa manambala umaonekabe.

Gulu lachitatu ndi la kamenyedwe. Kagawo kakagona mopendekera, chithunzi chimadindika chakumbali, mbali ina n'kutsala yosalala ngati mwezi watsopano. Kusalalako kumakhala pa malo amodzimodzi kumaso ndi kumbuyo, ndipo m'mphepete simukhala timizere chifukwa mphete sidagwire. Nthawi zina kobiri limamenyedwa kawiri, chithunzi china pamwamba pa chinzake. Nthawi zinanso chidindo chimodzi chimatembenuka, kumbuyo n'kupendekeka poyerekeza ndi kumaso. Apa musafulumire kukondwa: maiko ena amapanga dala kuti kumbuyo kukhale chadodolido. Yerekezani ndi kobiri lina la mtundu ndi chaka chomwecho musananene kuti lanu ndi lachilendo.

Zilema za panjira

Tsopano tibwerere pa mphasa ya azakhali. Kobiri loyamba la mnyamata uja lidali la metikali la aluminiyamu la m'zaka za m'ma 1980, lopepuka, lodyeka timaenje ndi loyera ngati lapakidwa phulusa. Umo ndi mmene aluminiyamu imaonongekera m'dothi lonyowa. Lachiwiri ndi lachitatu adali a 1994, otupa matuza. Makobiri a chaka chimenecho ndi achitsulo wamba chokutidwa ndi chitsulo china pamwamba. Akapsa ndi moto, kapena dzimbiri likalowa pansi pa chikutocho, khungu limatukumuka. Maginito a mu sipika ya wailesi yakufa amawakoka, ndipo chimenecho ndi chikhalidwe chawo, osati chozizwitsa.

Lachinayi lidali la mkuwa, lobiriwira ngati ndere. Kubiriwira kumeneko ndi matenda a mkuwa, ndipo kukakula kumadya zilembo. Lachisanu lidali lopindika ndi lophwatalala mbali imodzi, zilembo zitatambasuka: lidamenyedwa ndi nyundo kapena kupondedwa pa mwala. Kobiri silituluka m'makina a boma lopindika ngati chipande.

Palinso zilema zopangidwa dala ndi anthu ofuna kunamiza anzawo. Ena amapanikiza makobiri awiri pamodzi kuti zilembo za lina zilowe pa linzake. Muziona kuti zilembozo n'zolowa m'kati, zowerengeka chobwerera, zili pamwamba pa chithunzi chakale, ndipo kuseri kwa kobirilo kwaphwanyika. Ena amaviika kobiri mu asidi wa batire: limachepa thupi, limapyapyala, chithunzi chonse chimachita chimbuuzi. Ena amachotsa mtima wa kobiri la metikali 10 la 2006, lija la zitsulo ziwiri, n'kumaonetsa mphete yokha. Enanso amacheka makobiri awiri n'kumata kuti likhale la mitu iwiri. Loterolo mukaligwetsa pa simenti limalira mogontha, ndipo msoko umaoneka m'mphepete.

Sikelo ndi mboni yabwino pa milandu yonseyi. Kupatula lolumidwa lija ndi lodindidwa pa kagawo ka kobiri lina, kobiri lolakwika ku fakitale limalemera chimodzimodzi ndi anzake. Lopalidwa, lodyeka kapena loviikidwa limapepuka.

Nanga la bowo?

Kobiri lachisanu ndi chimodzi lidali peni ya Rhodesia ndi Nyasaland, ya njovu ziwiri, yokhala ndi bowo pakati. Mnyamata adali asanaionepo, koma azakhali adaseka chifukwa adagulirapo mchere. Mapeni amenewo, amene adayamba kutuluka mu 1955, adapangidwa ndi bowo dala, chimodzimodzinso hafupeni yake ya akadyansonga. Anthu ankawatunga pa chingwe. Masenti akale a East Africa amene ankabwera kuchokera ku Tanganyika adalinso obooka. Bowo la ku fakitale limakhala pakatikati, losalala, ndipo chithunzi chidakonzedwa molizungulira. Peni yotere ikadapezeka yopanda bowo, kapena bowo lili kumbali pakati pali pogwira, pamenepo tikadati talandira mlendo. Koma bowo la m'mphepete, loboola mutu wa mfumu kapena chilembo, lotukuka milomo mbali imodzi, ndi la msomali. Agogo athu ankaboola masheleni kuti avale m'khosi kapena amangirire mwana m'chiuno. Ndi chikumbutso chabwino cha banja, koma wogula amalitsitsa mtengo kwambiri.

Zina zooneka ngati zilema koma zili ndi mbiri

Si chipsera chilichonse chimene chili chachabe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 boma lachipwitikizi lidalamula kuti ndalama zasiliva zachilendo zimene zinkayenda m'dziko muno, monga marupiya a ku India ndi ndalama yaikulu ya mfumukazi Maria Theresa ya ku Austria, zidindidwe zilembo PM, kutanthauza Província de Moçambique. Chidindo chimenecho chikakhala chenicheni, osunga ndalama zakale amachifuna. Tsoka lake n'lakuti achinyengo adachikopera kwambiri, ndipo ndi katswiri yekha angasiyanitse. Dziwaninso kuti ndalama ya Maria Theresa imalembedwa 1780 ngakhale idapitirira kusulidwa zaka zoposa 200 pambuyo pake. Chaka chimenecho si umboni wa ukalamba.

Palinso makobiri a 1975 okhala ndi nkhope ya Samora Machel, olembedwa "metica" ndi "centimos". Wina angaganize kuti osula adalakwitsa kulemba metikali. Ayi. Imeneyo ndi ndalama imene idakonzedwa ufulu utangobwera koma sidatulutsidwe kuti anthu agwiritse ntchito. Chifukwa cha kusowa kwake, imeneyo ndiyo ili ndi oifuna enieni.

Kumpoto, malire a Tanzania, kumamveka za rupiya ya Mjeremani, kuti ili ndi mphamvu zokoka chuma. Rupiyayo ilipodi: ndi yasiliva, ya nkhope ya mfumu Wilhelm II, ndipo asilikali a Lettow-Vorbeck adawoloka Rovuma pa Negomano mu November 1917 n'kuyenda m'dziko lino. Ili ndi mtengo wa siliva ndi wa mbiri yake, koma mankhwala mulibe. Amene akufuna kuti mulipire ndalama "yoyezera mphamvu" ndi wakuba.

Mtengo weniweni

Anyamata obwera ku Joni amakamba za R5 ya Nelson Mandela ya 2008, kuti imagula galimoto. Makobiri amenewo adasulidwa mamiliyoni ambiri, ndipo banki yaikulu ya ku South Africa idalengeza kuti amene akuyenda m'manja mwa anthu mtengo wake ndi R5 yomweyo. Mitengo yodabwitsa imene mumaona pa telefoni kawirikawiri ndi imene wogulitsa akupempha, osati imene wina walipira. Ngakhale munthu atalemba kuti nkhuku yake ndi ya mtengo wa ng'ombe, nkhukuyo siimera nyanga.

Mtengo wa kobiri umachokera pa zinthu zitatu: kusowa kwake, kusungika kwake, ndi kupezeka kwa munthu wolifuna. Ukalamba wokha sukwanira. Ngakhale zolakwika zenizeni, zambiri ndi zazing'ono ndipo phindu lake silingabweze ndalama ya ulendo wa ku Lichinga.

Chodandaulitsa n'chakuti pothamangira zopindika, anthu akutaya zimene zili ndi phindu. M'kachitini ka azakhali mudali makobiri anayi a esikudo 20 a m'zaka za m'ma 1950 ndi masheleni awiri a Southern Rhodesia. Maesikudo 20 a nthawi imeneyo ndi asiliva, pamene a m'zaka za m'ma 1970 si asiliva. Masheleni a Southern Rhodesia ndi a ku Britain adali ndi siliva mpaka 1946, ndipo kuyambira 1947 adasiya. Siliva sakokedwa ndi maginito, amada akakhalitsa, ndipo amalira mokoma nthawi yaitali ukamugogoda ali pa nsonga ya chala. Komabe maginito okha sakwanira, chifukwa mkuwa nawonso sukokedwa. Yang'anani dziko, chaka ndi mtengo wolembedwapo.

Atatu mwa maesikudo aja mnyamata adali atawakwecha kale ndi mchenga ndi mandimu kuti awale. Kobiri lachisanu ndi chiwiri limene iye amati "lili ndi mizere ya ku fakitale" lidali limodzi mwa amenewa, ndipo mizereyo adaipanga yekha dzulo lake pa gombe. Kwa osunga ndalama zakale, kobiri lokwechedwa ndi kobiri lovulala. Kuda kwa siliva wakale iwo amakukonda. Atatu aja tsopano angagulidwe pa kulemera kwa siliva basi.

Zoyenera kuchita

Musatsuke kobiri ndi mchenga, phulusa, mandimu kapena mankhwala otsukira miphika. Ngati lili ndi dothi, madzi oyera okha akwana, kenaka liume pa nsalu yofewa osapukuta. Ligwireni m'mphepete. Kulungani lililonse pakapepala kakekake, ndipo muike pouma.

Musapereke kobiri kwa mlendo kuti "akaliyeze" kutauni. Alijambule pa telefoni mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete, kobirilo litsale. Musalipire ndalama ya kalembera, ya msonkho kapena ya chiphaso musanagulitse: wogula weniweni amapereka ndalama, satenga. Mukamagulitsa pakhale mboni, monga a mfumu kapena a sekeretale a mudzi, ndipo funsani anthu awiri kapena atatu osadziwana. Safunsa adadya phula.

Za ndalama zimene zikugwira ntchito lero, ofunsidwa ndi a Banco de Moçambique, amene ali ndi nthambi ku Lichinga. Za ndalama zakale, ku Maputo kuli nyumba yosungirako mbiri ya ndalama, Museu Nacional da Moeda, imene idatsegulidwa mu 1981.

Chomaliza ndi chachikulu. Mphekesera zotere zikakula, ena amayamba kukumba m'mabwinja ndi m'manda. Lamulo nambala 10/88 la chaka cha 1988 limateteza zinthu zakale za dziko lino, ndipo wopeza zinthu zotere m'nthaka ayenera kudziwitsa akuluakulu a boma. Kachitini kamene bambo wanu adakwirira kuseri kwa nyumba ndi nkhani ya banja lanu. Manda a makolo ndi mabwinja a doko lakale si mgodi.

Dzuwa litapendeka, tidabwezera makobiri m'kachitini, lililonse pakapepala kake. Mnyamata adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adafunsa ngati angasunge peni ya njovu ija. Azakhali adamupatsa, n'kuyamba kumufotokozera za ulendo umene agogo ake adayenda wapansi kuchokera ku Nkhotakota kukafuna ntchito ku Salisbury, nkhani imene mnyamatayo adali asanaimvepo. Esikudo 20 imodzi yosakwechedwa ija adaimanga pa nsonga ya chitenje, nati imeneyo idikira mboni ndi wogula wachilungamo. Mbuzi idakali m'khola, ndipo ili ndi bere.